Wokamba ndi Womasulira: Mbiri ya Nkhani za Poyera m'Chichewa, Poonera ku Kuti m'Boma la Salima

Kuti ndi dera la m'chigwa cha nyanja, kufupi ndi tauni ya Salima. Kale kumeneko kudali malo aakulu owetera ng'ombe, koma lero malowo ndi nkhalango yosungiramo nyama zakutchire, ndipo m'mbali mwake mwazungulira midzi ya alimi a chimanga, mpunga ndi thonje. Asodzi ali chakum'mawa, ku Senga Bay ndi m'madoko ena. Kulibe holo ya yunivesite kumeneko. Komabe munthu wa ku Kuti wakhala akumva za mayiko akutali, za mitengo ya zinthu ndi za mbiri ya anthu kwa zaka zoposa zana limodzi, ndipo mawu amene amakambira zimenezi sadagwe ndi mvula. M'pepala lino tifuna kulondola njira imene nkhani zotere zidadzera kuti zimupeze, pakamwa pa yani, ndi mawu amene zidasiya m'Chichewa. Ganizo lathu ndi lakuti mmisiri wamkulu wa mawu a ndale ndi a chuma m'chiyankhulo chathu sadali mlembi wa mtanthauziramawu kapena bungwe lokhazikitsidwa ndi boma, koma womasulira, munthu uja amaima pambali pa wokamba, amene dzina lake silimalembedwa pa ndondomeko ya msonkhano.

Dzina la deralo limaseketsa alendo, pakuti wofunsa kuti "Mukupita kuti?" amayankhidwa kuti "Ku Kuti." Ife a zachiyankhulo nthabwalayi itikumbutsa kanthu kena. Mneni -ti ndiye amanyamula mawu a munthu wina m'Chichewa, ndipo "akuti" ndi liwu limene womasulira amayambira. Koma "akuti" ali ndi ntchito ziwiri. Amasonyeza mwini mawu, ndiponso amachotsa mlandu pa wonena: munthu akati "akuti feteleza abwera," watiuza kuti iye sadamuone fetelezayo, ndipo tisadzamufunse akapanda kubwera. Nzeru zambiri za dziko lapansi zidafika kumudzi zitavala "akuti" ameneyu, ndipo omvera adazilandira monga momwe amalandirira zakumva: mwaulemu, koma osaikapo mtima wonse.

Dzina la chinthucho

Tiyenera kuvomereza poyamba kuti chimene Angerezi amachitcha "public lecture" chilibe dzina limodzi lokhazikika m'Chichewa. Ena amati msonkhano, koma msonkhano ndi wa chipani kapena wa mfumu. Ena amati phunziro, koma phunziro limafuna mphunzitsi, kalasi ndi mayeso. Ulaliki uli pafupi m'kapangidwe kake, popeza munthu mmodzi amayankhula nthawi yaitali pa mutu umodzi ena ali chete, koma mlaliki safunsidwa mafunso. Malangizo ndi a namkungwi kapena a mlangizi wa zaulimi, ndipo wolangizidwa satsutsa. Ife tizinena kuti "nkhani ya poyera," potanthauza kuyankhula kwa munthu wodziwa kanthu pamaso pa aliyense wofuna kumva, pamene omvera ali ndi danga lofunsa ndi kutsutsa. Danga limeneli ndilo lakhala likusowa kawirikawiri m'mbiri imene tikulongosolayi.

Kusowa kwa dzina sikutanthauza kuti mchitidwewo ndi wachilendo, ndipo chitsanzo chili m'boma la Salima momwemo. Chilumba cha Mbenji, chimene chili m'manja mwa mfumu Makanjira, chimatsekedwa chaka ndi chaka nyengo ya dzinja kuti utaka uswane, mwambo umene udayamba m'zaka za m'ma 1950. Pa tsiku lotseka ndi pa tsiku lotsegula anthu amasonkhana pa doko la Chikombe, ndipo mfumu ndi akuluakulu ake amalongosola chifukwa cha kutsekako ndi malamulo a pachilumbapo, monga oletsa mowa, juga ndi chamba. Wina atati alembe zoyankhulazo pa pepala, angapeze kuti ndi nkhani ya zachuma yeniyeni: chuma cha onse chimene aliyense angathe kuchitha, phindu la lero poliyerekeza ndi la mawa, chilango cha wophwanya pangano. Elinor Ostrom adalandira mphoto ya Nobel m'chaka cha 2009 chifukwa cha kafukufuku wa nkhani zoterezi. Pa Chikombe nkhaniyi imakambidwa m'chiyankhulo cha asodziwo, ndipo palibe amadandaula kuti mawu aperewera.

Mishoni, nkhondo ndi Joni

Nkhani za mayiko akutali zidayamba kufika mochuluka ndi amishoni. A Dutch Reformed Church adakhazika mishoni ya Mvera m'chaka cha 1889, pa mapiri oyang'ana chigwa cha Salima, ndipo ansembe a White Fathers adafika ku Mua mu 1902. Aphunzitsi awo a m'midzi ndiwo adali oyamba kuimirira pamaso pa anthu kulongosola za Aroma, Aigupto ndi Ababulo. Pamene Buku Lopatulika lidatuluka lathunthu mu 1922, lidakhazikitsa mawu okambira maufumu aakulu. Liwu lakuti kazembe, limene m'menemo limanena za Pilato, lero limanena za woimira dziko lake kunja. M'midzi ya Ayao ya m'mbali mwa nyanja mashehe adali ndi njira yawoyawo, yochokera ku Zanzibar ndi ku Makka, ndipo ana awo adadziwa mapu ena a dziko osiyana ndi opachikidwa m'sukulu ya mishoni.

Asilikali ndi ogwira ntchito m'migodi adawonjezerapo. Magulu a King's African Rifles ochokera ku Nyasaland ankalamulidwa m'Chinyanja, ndipo pa nkhondo ya 1939 mpaka 1945 adafika ku Ethiopia, Madagascar, Ceylon ndi Burma. Amene adapita ku Joni kudzera ku Wenela, kapena ku Salisbury ndi ku Bulawayo, adabwerako akudziwa sitalaka ndi tsankho chifukwa adaziona ndi maso. Anthu amenewa ankakamba pakhonde madzulo popanda "akuti," ndipo ankafunsidwa mafunso mpaka moto kuzima. Pambali pa iwo padali wailesi ya ku Lusaka youlutsa m'Chinyanja, imene idafika m'midzi yambiri kuyambira mu 1949 pamene kudabwera kawailesi kotsika mtengo kooneka ngati sefuliya, ndiponso nyuzipepala ya boma ya Msimbi. Omasulira nkhani a m'malo amenewa ankayenera kupeza liwu nthawi youlutsa isanakwane, ndipo limene lapezeka usiku umenewo kawirikawiri ndilo lidakhazikika.

Tikaunika mawu amene adamera m'nyengoyi, tiona kuti ambiri sadabwerekedwe; adatengedwa m'mudzi nkupatsidwa katundu watsopano. Nduna idali ya mfumu ya Angoni isanakhale ya boma. Phungu adali mlangizi wa namwali asanalowe m'Nyumba ya Malamulo. Tsamunda adali mwini munda, monga tsabwalo ali woyang'anira bwalo, koma popeza eni minda ikuluikulu ya ku Thyolo ndi ku Mulanje adali Azungu, atsamunda adasanduka dzina la ulamuliro wonse wa alendo. Ndale ndi ija munthu amatchera mnzake polimbana kuti agwe, ndipo amene adayamba kutcha zochita za zipani kuti ndale adali atapereka kale chigamulo chake pa zochitazo. Mawu ena adaipitsidwa ndi ntchito imene adagwiritsidwa. Thangata kudali kuthandizana pa ntchito, koma m'minda ya atsamunda lidasanduka ntchito yokakamiza yolipirira malo okhala, monga J.A.K. Kandawire adasonyezera m'buku lake la mu 1979. Malimidwe ndi liwu losalakwa m'kapangidwe kake, koma m'zaka za m'ma 1950 lidatanthauza malamulo a mizere ndi migula amene ankamangitsa alimi. Chitaganya nachonso chidapsa ndi mbiri: kuyambira 1953 mpaka 1963 chidali dzina la mgwirizano wa Rhodesia ndi Nyasaland umene anthu adaukana, motero mphunzitsi wofuna kulongosola lero kayendetsedwe ka dziko la Germany kapena la India sangalitchule popanda kudzutsa mzukwa umene sadauitane.

Zaka makumi atatu za wokamba mmodzi

Dr Hastings Kamuzu Banda adatera pa Chileka pa 6 Julaye 1958, atakhala kunja zaka pafupifupi makumi anayi. Asanaphunzire za udokotala adatenga digiri ya mbiri ndi ndale pa University of Chicago mu 1931, ndipo zoyankhula zake zidaonetsa maphunzirowo: zinkatenga maola, zinkayambira patali, ndipo zinkayenda m'mbiri ya Aroma ndi ya Angerezi zisanafike pa mtengo wa mtedza. Pagulu ankayankhula Chingerezi mpaka kumapeto kwa ulamuliro wake mu 1994. Chichewa cha zoyankhulazo chinkatuluka pakamwa pa womasulira, poyamba makamaka John Msonthi, pambuyo pake John Tembo ndi ena.

Tisapeputse zimene zinkachitika pamenepo. Pamene Malawi adakhazikitsa ubale ndi boma la tsankho la South Africa mu 1967, pamene John Vorster adabwera kuno mu 1970 ndipo Dr Banda adapita kwawo mu 1971, pamene ndege ya Wenela idagwa ku Francistown mu Epulo 1974 nkupha Amalawi oposa 70 ndipo boma lidaimitsa kulemba anthu a kumigodi, Dr Banda ankatenga nthawi kulongosolera mtundu wonse chifukwa chake, ndipo wailesi ya MBC inkafikitsa zonsezo ku Kuti. Palibe yunivesite mu Afirika imene idakhalapo ndi kalasi lalikulu chotero. Koma munthu wa ku Kuti sankamva Dr Banda, ankamva womasulira. Chiganizo cha Chingerezi chinkadutsa ngati mphepo, kenaka nkubwera cha Chichewa, chopangidwa pomwepo, ndi munthu wodziwa kuti liwu limodzi lolakwika likhoza kumuchotsa pa udindo. Motero padali zoyankhula ziwiri, ndipo zimene boma linkasindikiza ndi kusunga zidali za Chingerezi, pamene zimene anthu ambiri adamva ndi kukumbukira zidali za Chichewa. Ngodya zinayi zija, umodzi, kukhulupirika, kumvera ndi kusunga mwambo, zidalowa m'mitu mwa anthu m'Chichewa, ndipo "kusunga mwambo" kumafika kutali kuposa liwu la Chingerezi limene kumamasulira, popeza kumasandutsa wotsutsa boma kukhala mwana wosalangidwa.

Mafunso panalibe. Lamulo lounika mabuku ndi zoonetsa lidakhazikitsidwa mu 1968, ndipo kumanga munthu popanda kumuzenga mlandu kudali kololedwa. Jack Mapanje, katswiri wa zachiyankhulo pa Chancellor College ndiponso mmodzi wa oyambitsa bungwe la akatswiri a zachiyankhulo a m'mayunivesite a m'chigawo chino cha Afirika, adamangidwa pa 25 Sepitembala 1987 ndipo adatuluka mu Meyi 1991. Nkhani ya poyera, monga taitanthauzira pamwambapa, sikadamera pa nthaka yotere.

M'nyengo yomweyi ndi mmene Chichewa chidakwezedwa. Msonkhano waukulu wa chipani cha Malawi Congress wa mu 1968 udagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndi kuti chikhale chiyankhulo cha fuko pambali pa Chingerezi, ndipo Chitumbuka chidachotsedwa pa wailesi. Bungwe la Chichewa Board lidakhazikitsidwa mu 1972, nkutulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973, amene adakonzedwanso mu 1980 ndi mu 1990. Pulogalamu yake ya Tiphunzire Chichewa inkamveka dziko lonse. Dr Banda mwini, amene ali ku Chicago adathandiza Mark Hanna Watkins kulemba galamala ya Chichewa yosindikizidwa mu 1937, adakambapo nkhani za poyera za Chichewa pa Chancellor College ku Zomba m'zaka za m'ma 1970, nadzudzula Chinyanja cha amishoni ndi kuloza chimene iye ankachiyesa Chichewa chenicheni. Nkhanizo adazikamba m'Chingerezi. Ndipo pamene adatsegula Kamuzu Academy ku Mtunthama mu 1981, Chilatini ndi Chigiriki zidali zokakamiza, koma Chichewa sichidapatsidwe malo.

Zotsatira zake tikuziona mpaka lero. Mphamvu za bungwe lija zidathera pa kuyeretsa: lembo la ŵ liikidwe pati, mawu alumikizidwe kapena alekanitsidwe, tinene "adapita" kapena "anapita." Ngakhale ife amene tikulemba pano dzanja lathu limathamangira ku "ada-" chifukwa cha aphunzitsi amene adaphunzitsidwa m'masiku amenewo. Ntchito yokulitsa chiyankhulo kuti chikambe za msika wa dziko lonse idatsalira, ndipo mtanthauziramawu wa Chichewa chokhachokha adadikira mpaka cha m'ma 2000, pamene Centre for Language Studies, imene idalowa m'malo mwa bungwelo mu 1996, idatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja. Sitikunena izi ponyoza ogwira ntchito m'bungwemo, amene ena adali amisiri enieni a chiyankhulo. Pamene mtsogoleri wa dziko ndiye woweruza wotsiriza wa galamala, kukonza lembo nkosaopsa kusiyana ndi kupanga liwu lokambira kusalingana kwa malipiro.

Kwacha yagwa

Mbali ya zachuma ndiyo ifuna kuti tiime pang'ono, chifukwa chigwa cha Salima chakhala pa mphambano ya ndalama za mayiko ena kwa nthawi yaitali. Njanji idafika ku Salima mu 1935, ndipo idapitirizidwa mpaka ku Lilongwe kumapeto kwa zaka za m'ma 1970 ndi thandizo la Canada. Kuyambira mu 1968 dziko la West Germany lidathandiza ntchito yaikulu ya chitukuko cha ulimi m'chigwachi, makamaka wa thonje, ndipo alangizi adabalalika m'midzi ndi magazini ya Za Achikumbi m'manja. Mu 1971 kwacha idalowa m'malo mwa paundi, ndipo chaka chomwecho ADMARC idayamba kugula mbewu za alimi. Mu 1981 Malawi adatenga ngongole yoyamba ya World Bank yokonzera kayendetsedwe ka chuma, mu 1987 amalonda wamba adaloledwa kugula mbewu za alimi ang'onoang'ono, ndipo mu Febuluwale 1994 kwacha idasiyidwa kuti mtengo wake uzidziwika pa msika. Chilichonse mwa izi chidafika pa mbale ya nsima ya munthu wa ku Kuti, ndipo chilichonse chidayenera kulongosoledwa kwa iye ndi winawake.

Apa galamala imalowa m'ndale mosabisa. Chingerezi cha akatswiri a zachuma chimakonda mayina opanda mchiti. Liwu lakuti "devaluation" silinena amene wachita. Chichewa chimakonda mneni, ndipo mneni amafuna mwini. Womasulira ali ndi njira zitatu. Akati "kwacha yagwa," wanena kuti yagwa yokha, monga limagwera bango. Akati "kwacha yagwetsedwa," wavomera kuti alipo wochita koma wamubisa. Akati "agwetsa kwacha," waloza chala, ndipo omvera afunsa kuti ndani. Palinso njira yachinayi, yokondedwa ndi olemba zikalata za boma, yakuti "kuchepetsa mphamvu ya kwacha," imene imamveka ngati ntchito ya dokotala. Mu Meyi 2012, ndiponso mu Novembala 2023 pamene Reserve Bank of Malawi idatsitsa kwacha ndi 44 peresenti, njira zonsezi zidamveka pa mawailesi, ndipo munthu akadatha kudziwa mbali ya woyankhula pongomvetsera mneni.

Tidakhalapo pa msonkhano wina m'mudzi wa kufupi ndi Kuti, pamene mlendo wochokera ku likulu adayankhula Chingerezi kwa mphindi zingapo za kukwera kwa mtengo wa feteleza, ndipo mnyamata womasulira adamangirira zonsezo m'mawu awiri akuti kwacha yagwa. Mayi wina wachikulire adafunsa kuti waigwetsa ndani. Anthu adaseka, ndipo funsolo silidamasuliridwe kwa mlendoyo. Ife tidaona kuti lidali funso lokhalo la zachuma limene lidafunsidwa tsiku limenelo.

Mawu a ngongole nawonso ali ndi zawo. Chiwongoladzanja ndi liwu laulemu, lokumbutsa kuthokoza wokuthandiza; katapila ndi liwu lachipongwe; zonse ziwiri zikhoza kumasulira liwu limodzi la Chingerezi, ndipo kusankhako sikuchitika m'mtanthauziramawu. Mu 2006, pamene mbali yaikulu ya ngongole za Malawi kunja idafafanizidwa, anthu ambiri ankati "atikhululukira ngongole." Mneni ameneyu ndi wa m'tchalitchi, ndipo amaika wokongola pa malo a wochimwa, osafunsa kuti wokongozayo adakongoza bwanji ndipo adakongoza yani. Pamwamba pa izi, liwu lakuti zachuma lalemedwa: limanyamula chuma cha dziko, phunziro lake, ndi kasungidwe ka ndalama, zinthu zimene wokamba nkhani ya poyera ayenera kuzisiyanitsa. Chiyankhulo chili ndi zida zochitira zimenezi. Kapangidwe ka ka-...-idwe kamatipatsa kagawidwe, kagulitsidwe, kapezedwe ndi kayendetsedwe, mayina osaoneka ndi maso amene mlimi amawamva popanda kuwalongosola. Chimene chasowa ndi anthu okamba nkhanizi m'Chichewa kawirikawiri mpaka mawuwo atakhwima.

Lamulungu la pa 8 Malichi 1992

Tsiku limeneli kalata ya maepiskopi a Chikatolika idawerengedwa m'matchalitchi awo onse m'dziko muno. Idasindikizidwa m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chingerezi, ndipo idakamba za malipiro ochepa, za masukulu ndi zipatala, za makhoti ndi za mantha oletsa anthu kuyankhula. Akatswiri a ndale alemba zambiri za kalatayi. Ife tiloze chinthu chimodzi cha chiyankhulo. Kwa nthawi yoyamba m'zaka zambiri, nkhani ya kayendetsedwe ka dziko idafika kwa munthu wa kumudzi m'chiyankhulo chake, yolembedwa modekha, yowerengedwa ndi munthu womudziwa, popanda chiganizo cha Chingerezi chotsogola ndiponso popanda "akuti." Boma lidaitcha youkira, ndipo nyumba yosindikizira ya ku Balaka idatenthedwa. Pa 14 Juni 1993 anthu adasankha pakati pa nyali ndi tambala wakuda, ndipo pafupifupi awiri mwa atatu alionse adasankha nyali ya zipani zambiri.

Miyezi imeneyo idabala mawu mofulumira kuposa mmene bungwe lililonse likadathera. Matipate ndi demokalase adalowa monga alili, atangosulidwa kuti akwane pakamwa. Koma liwu lalikulu lidali ufulu, ndipo mbiri yake m'mbali mwa nyanjayi si ya m'mabuku. Mfulu ndi munthu amene si kapolo. Ku Nkhotakota, kumpoto kwa Salima, a Jumbe ankawolotsa akapolo pa zombo mpaka chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800. Mu 1964 ufulu udatanthauza kuchoka kwa atsamunda. Kuyambira mu 1994 liwu lomweli lidasenzetsedwanso chimene Angerezi amati "rights," nkukhala ufulu wachibadwidwe. Harri Englund, m'buku lake la mu 2006 lotchedwa Prisoners of Freedom, adasonyeza kuipa kwa kamasuliridwe kameneka: ufulu umamveka ngati kumasuka kwa munthu payekha, ndipo ganizo lakuti pali zinthu zimene munthu ayenera kupatsidwa, monga malipiro oyenera kapena chilungamo pa khoti, limazimiririka. Ophunzitsa anthu za demokalase, monga a bungwe la NICE limene lidayamba mu 1999, adayenda m'midzi ndi liwu limeneli, ndipo makolo ambiri adamva kuti ana awo apatsidwa chilolezo chosamvera. Liwu lidasankhidwa ndi anthu ochepa m'tauni, ndipo silidayesedwe pa bwalo lisanasindikizidwe.

Malamulo aakulu a dziko a m'nyengo yatsopanoyi amapatsa aliyense ufulu wogwiritsa ntchito chiyankhulo chimene afuna, koma gawo 51 limafuna kuti phungu azitha kuyankhula ndi kuwerenga Chingerezi. Chitumbuka chidabwerera pa MBC mu 1994, ndipo Chiyao, Chilomwe ndi Chisena zidapatsidwa nthawi ya nkhani mu 1996, chinthu chofunika ku Senga Bay kumene asodzi a mitundu ingapo amakokera khoka limodzi. Chaka chomwecho unduna wa zamaphunziro udalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, koma lamulo la maphunziro la mu 2013 lidaika Chingerezi kukhala chophunzitsira kuyambira pachiyambi.

Za maphunziro a umunthu tinena mwachidule, chifukwa kumeneku Chichewa sichidayambe chasowa mwini. Samuel Yosia Nthara, wa ku Mvera komweko, adalemba Mbiri ya Achewa m'zaka za m'ma 1940, John Gwengwe adalemba Kukula ndi Mwambo, E.J. Chadza adalemba Ntchito za Pakamwa. Ndipo ku Mua, malo a Kungoni amene bambo Claude Boucher adayambitsa mu 1976 akhala akulongosolera alendo ndi eni dziko za miyambo ya Achewa, Angoni ndi Ayao. Chodabwitsa nchakuti liwu lakuti umunthu, limene akatswiri a zaumulungu monga Augustine Musopole adalikweza kukhala mutu wa filosofi, lakambidwa kwambiri m'mabuku a Chingerezi kuposa a Chichewa. Tidabwereketsa liwu lathu, ndipo zokambirana zake zikuchitikira kwa obwerekawo.

Lero dziko lapansi lili pafupi ndi Kuti kuposa kale. Sukulu ya asilikali ya MAFCO ili ku Salima, ndipo asilikali a Malawi akhala akupita ku Democratic Republic of Congo kukasungitsa mtendere. Mu 2021 malo aakulu opangira magetsi a dzuwa, a mamegawati 60, adatsegulidwa m'bomali ndi ndalama zochokera kunja. Mawailesi a m'madera amalola omvera kuimba foni, motero danga la mafunso lija latseguka, ndipo ofunsa amafunsa m'Chichewa chakuthwa. Nthawi zambiri woyankha ndiye amapunthwa, nathawira ku Chingerezi pakati pa chiganizo. Ifenso amene tidakaphunzira kunja tiyenera kuulula kuti nkosavuta kwa ife kulongosola kapangidwe ka mneni wa Chichewa m'Chingerezi kusiyana ndi kulongosola m'Chichewa momwemo, ndipo nkhani za poyera za m'mayunivesite athu zimalengezedwa ndi kukambidwa m'Chingerezi.

Okonza za chiyankhulo akhala akuyambira pa mndandanda: komiti ikhala pansi, itenga mawu a Chingerezi motsata alifabeti, nkuwapezera anzawo. Mbiri imene talondolayi ikutilozera poyambira pena. Zojambula za zoyankhula za Dr Banda zilipo, zina ngakhale pa intaneti, ndipo m'menemo chiganizo chilichonse cha Chingerezi chili ndi mnzake wa Chichewa pambali pake. Kuzilemba zonse ziwiri mofanizira kungatipatse nkhokwe ya zaka makumi atatu yoonetsa mmene omasulira ankasankhira mawu, zimene ankawonjezera ndi zimene ankameza. Chimodzimodzi zoyankhula za pa Chikombe, zokambirana za pa wailesi usiku wa bajeti, ndi misonkhano ya alangizi. Liwu latsopano lisanalowe m'buku, liyambe layesedwa pa bwalo ngati la ku Kuti, ndipo muyeso wake ukhale mafunso amene omvera afunsa atalimva, pakuti funso limasonyeza chimene munthu wamva kuposa kuvomera ndi mutu. M'boma la Salima mudakali okalamba amene adamasulirapo m'makhoti a mafumu, m'matchalitchi, m'mizikiti ndi pa misonkhano ya alangizi a thonje a m'zaka za m'ma 1970. Wophunzira mmodzi wa chaka chachinayi, wokhala ndi chojambulira mawu ndi ndalama ya kabaza, akhoza kuwayendera ambiri mwa iwo m'tchuthi chimodzi.